Anyani amasekana zikundu

Mdzukulu wanga anandipeza pakhonde madzulo ena a mu Okutobala, ndikudzikupiza ndi chikuto cha kope lakale chifukwa cha kutentha. Foni inali m'manja, nkhope ikuwala ngati munthu amene wapeza dzina lake pa zotsatira za mayeso a Fomu 4.

"Agogo, taonani izi. Anthu akufa nalo phwete pa Facebook."

Ndinavala magalasi. Kanemayo anali wosakwana mphindi imodzi. Munali mayi wina wa kuno kwathu, amene mutu wake unasokonekera chimwalirire mwana wake panyanja. Anali pamsika, akukalipira mbuzi ngati munthu amene wamukaniza ngongole. Mnyamatayo anawajambula mobisa, n'kuikapo mawu akeake ngati mbuziyo ikuyankha. Ndisaname, luso ali nalo. Anadziwa poyambira, anadziwa podula, ndipo mbuzi inacheuka pa nthawi yake ngati yachita kuphunzitsidwa. Ndinamva kuseka kukukwera kuchokera m'mimba, koma ndinakumeza.

"Simukuseka? Inuyo agogo?"

Anali ndi chifukwa chodabwira. Kuno kwa Mposa, pakati pa mapiri a Chikala ndi nyanja ya Chilwa, anthu sandikumbukira kwenikweni ngati mphunzitsi, ngakhale ndinagwira choko kuyambira 1974 mpaka 2012. Amandidziwa kuti "aja a masewero". Ndalemba timasewero ta tsiku lotsekera sukulu, ta Khirisimasi kutchalitchi, ta alangizi a zaumoyo akafuna kuti anthu akumbe zimbudzi. Ndaimirira pamaukwati osawerengeka nthawi ya perekaniperekani, kunyengerera amalume ouma manja kuti atulutse kangachepe. Dzina langa silinamvekepo pawailesi, koma pansi pa bedi langa pali sutikesi yodzaza makope, ndipo mulibe masamu mmenemo. Ndiye mwanayo ankayembekezera kuti agogo ake awombe m'manja. Ndinamuuza kuti akoke mpando, chifukwa yankho langa linali lalitali.

Sukulu yanga ya nthabwala inali padoko. Mu 1968 nyanja ya Chilwa inaphwa, ine ndili ndi zaka 16. Amene simunakhaleko kuno mwina simudziwa kuti nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo ndi yosaya. Mvula ikavuta zaka zingapo motsatizana, madzi amangobwerera m'mbuyo mpaka kutsala matope ong'ambika. Chaka chimenecho matemba anasowa, makumba ndi milamba zinasowa, ndipo abambo amene ankadyetsa mabanja ndi khoka anangoti manja lende. Tsiku lina ine ndi anzanga tinapita kukaona malodzawo. Tinapeza mkulu wina wa usodzi atakhala m'bwato lake pamatope ouma, nkhafi ili m'manja, akuyang'ana kutali mwaulemu wonse. Titayandikira anatikalipira:

"Ana inu, yendani bwino pamenepo! Mukufuna kumira?"

Tinaseka mpaka kugwa pansi. Iye sanamwetulire ngakhale pang'ono. Nditakula ndinazindikira kuti mkuluyo analibe chakudya kunyumba tsiku limenelo. Sanali kutinamiza kuti zinthu zili bwino, ayi. Matope tonse tinkawaona. Anangokana kuti matopewo amulande ndi pakamwa pomwe. Zonse zimene ndadzaphunzira pambuyo pake za kulemba zoseketsa zinali kale m'bwato lija: unene zoona, uzinene mokhotetsa pang'ono, ndipo iwe mwini usaseke.

Kwathu kuno kuseka kuli ndi njira zake zimene makolo anazilambula. Msuweni wako ukhoza kumunena kuti mutu wake ngwofanana ndi dzungu, palibe mlandu. Agogo aakazi amatcha mdzukulu wamwamuna kuti "amuna anga", n'kumamudandaulira kuti sanawagulire chitenje. Alamu amatonzana tsiku lonse. Koma yesani nthabwala yomweyo kwa apongozi, muone ngati simukasowa nkhuku yolipira. Ngakhale pamaliro pali adzukulu, aja okumba manda, amene amaloledwa kulankhula zimene wina aliyense sangayerekeze, mpaka anamfedwa kumwetulira misozi ili m'masaya. Makolo ankadziwa kuti nthabwala ndi mpeni wa kukhitchini. Umasenda mbatata, umachekanso chala. N'chifukwa chake anaika malire a yemwe ungamuseke ndi pomwe ungasekere.

Nditayamba ntchito ndinagula wailesi ya Nzeru ndi malipiro anga achiwiri. Masiku amenewo nyumba youlutsa mawu inali imodzi, MBC, ndipo kanema wa dziko lino anadzayamba mochedwa, mu 1999. Nthawi ya Kapalepale kapena Pamajiga ikakwana, khonde langa linkadzaza, ana pansi, akuluakulu pamipando, mabatire ataanikidwa kale padzuwa masana. Ine ndinkamvetsera ndi pensulo. Ndinkafuna kudziwa kuti n'chiyani chimachititsa anthu makumi awiri kuphulika nthawi imodzi. Ndinapeza kuti kawirikawiri si mawu anzeru ayi. Ndi kuzindikira. Munthu amaseka chifukwa wamva malume ake enieni akulankhula m'bokosi.

Ndiye ntchito yanga yaikulu inakhala kumvetsera. Loweruka ndinkapita padoko kapena pamsika ndi kakope m'thumba. Mayi wogulitsa mpunga akamakangana ndi wogula za kukula kwa mbale yoyezera, ndinkalemba mawu ake momwe wawanenera, Chiyao ndi Chichewa zitasakanikirana, osakonza. Ukangokonza, nthabwala imafa. Kenako ndinaphunzira kudula. Tsamba lathunthu limatsala mizere isanu. Mawu oseketsa aziikidwa kumapeto kwenikweni kwa chiganizo, ndipo akatuluka, wosewera atseke pakamwa, awapatse anthu mpata. Ana asukulu ankavutika kwambiri ndi zimenezi. Anthu akayamba kuseka, iwo ankathamangira mzere wotsatira ngati akuthawa galu. Ndinkawauza kuti, "Mukathira mchere mumphika simuvundula ndi kuthamanga. Dikirani usungunuke."

Patapita zaka ndinadzaona luso limeneli pa akatswiri enieni, Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi a gulu la Kwathu. Anthu ankakangana kuti woseketsa kwambiri ndani. Ine ndinkaona kuti funsolo n'lolakwika. Wina ankaponya, wina ankawakha, ndipo theka la phwete linkachokera pankhope ya amene akumvetsera mnzakeyo. Nyanga atatisiya mu 2016 ndinamvera chisoni Mabedi ngati munthu amene wataya dzanja limodzi. Naye anapita mu 2021. Mpaka lero ndikamaphunzitsa achinyamata sewero la anthu awiri, ndimayamba ndi amene sakulankhulayo.

Koma ndisadumphe. Nthawi ya chipani chimodzi, kuseketsa anthu kunali kuyenda pamwamba pa mazira. Panali lamulo la 1968 loti masewero, mabuku ndi mafilimu ziziyamba zaunikidwa ndi bungwe la boma. Kumudzi kuno bungwe lathu lenileni linali tcheyamani wa chipani, amene ankakhala pampando wakutsogolo tsiku lotsekera sukulu. Ayufi ankaima pakhomo la msika kufunsa makhadi, ndipo wopanda khadi sankagula ngakhale mchere. Aliyense zinkamuwawa, palibe ankanena.

Mu 1982 ndinalimba mtima. Ndinalemba sewero la nyama. Fisi anaima pachipata cha msika wa m'nkhalango n'kulamula kuti nyama iliyonse ilipire msonkho wa mchira isanalowe. Kalulu anati wake ndi waufupi, alipira theka. Chule anati alibe, Fisi n'kumuuza kuti alipirire umene anali nawo ali mbululu. Kenako inabwera mbuzi ya bere, Fisi n'kuyamba kuwerenga michira ya m'mimba. Bwalo lonse linagwa. Amayi ena ankabisa nkhope m'zitenje, mapewa okha akugwedezeka. Tcheyamani naye anaseka ndithu. Koma anthu akubalalika anandikodola.

"Aphunzitsi, sewero labwino. Koma fisi uja ndani?"

"Ndi fisi, a tcheyamani. Wa m'phiri la Chikala."

"Ndimayesa," anatero, akundiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene funsolo linkafunira.

Sabata yonse sindinagone. Galimoto ikalira kutali ndinkadzuka n'kuvala nsapato. Palibe chinachitika, koma mantha anga sanali opanda pake. Mu 1987 wolemba ndakatulo Jack Mapanje anatengedwa ku Zomba n'kutsekeredwa ku Mikuyu, ndende imene ili mbali yomwe ino ya Chilwa, ndipo anatuluka mu 1991 osaimapo m'khoti. Ngati zinatheka kwa mphunzitsi wa ku Chancellor College, nanga ine wa Sitandade 6 ndinali ndani?

Apa ndi pamene pali nkhani imene ndinamuuza mdzukulu wanga, imene sindinkakonda kuinena. Munthu akaopa kuseka njovu, phwete lija silimangotha. Limafuna pogwera, ndipo limagwera pa nyerere. Chaka chotsatira, 1983, ndinafuna sewero lopanda ngozi. Padoko panali bambo wina wogulitsa matemba, munthu wofatsa, wachibwibwi chachikulu. Akamatchula mtengo, wogula ankatha kudikira mpaka kutopa. Ndinalemba sewero la wogulitsa nsomba amene pofika pomaliza kutchula mtengo, nsomba zaola. Sindinatchule dzina. Sipanafunikenso dzina, chifukwa ndinapatsa mnyamata wosewerayo chipewa chamlaza chong'ambika mbali imodzi, chofanana ndendende ndi cha bamboyo. Anthu anaseka kuposa za Fisi zija. Tcheyamani anandigwira chanza ndi manja awiri.

Ndinafika kunyumba ndikuyenda ngati tambala. Mayi a kunyumba anandiikira madzi osamba, anapakula nsima, osanena kanthu. Ndinafunsa kuti, "Nanga sewero mwaliona bwanji, amayi?"

"Anthu aseka," anatero.

"Nanga inu?"

"Ine ndimayang'ana mwana wawo. Ali m'kalasi mwanu, eti, aphunzitsi?"

Akanditcha "aphunzitsi" m'nyumba, ndinkadziwa kuti zavuta. Zoonadi, mwana wamkazi wa bamboyo anali m'kalasi mwanga, wazaka 13, wakuthwa pa masamu kuposa anyamata onse. Teremu yotsatira itayamba, malo ake anali opanda munthu. Ana anandiuza kuti tchuthi chonse anzake ankamutsatira kuchitsime akuchita chibwibwi. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo pulayimale inali yolipira, yaulere inadza mu 1994. Fizi ya mwanayo inkachokera m'matemba omwe aja, m'mitengo imene bambo ake ankavutika kuitchula.

Ndinazengereza milungu itatu, kenako ndinapita. Bamboyo anandiyalira mphasa. Ndinalankhula zambiri, monga amachitira munthu wolakwa: kuti zinali zocheza, kuti sindinatchule dzina, kuti mwanayo abwerere. Iye anandilola kumaliza. Ndiye anayankha, ndipo zinamutengera nthawi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinadikira mawu ake onse popanda kumuthandiza.

"Aphunzitsi, chibwibwichi ndinabadwa nacho. Anthu anali atazolowera. Inu mwawakumbutsa."

Potsanzikana anandipatsa milamba iwiri youma kuti ndikapatse mayi. Akanandilalatira zikanandipepukira. Mwanayo anali atamutumiza kale kwa azakhali ake kutali, ndipo sukulu sanaipitirize.

Ndinadzakumana naye mu 1995, nyanja itaphwanso. Anthu tinkayenda wapansi pamalo pomwe kale pankadutsa mabwato. Mayi wina wa mwana kumbuyo, ndowa pamutu, anaima n'kundipatsa moni mwaulemu. Sindinamuzindikire.

"Mwandiiwala, aphunzitsi? Ndine mwana wa achibwibwi aja."

Ananena mawu amenewo mosapsa mtima, ngati akutchula mudzi wa kwawo. Tinacheza pang'ono. Bambo ake anali atamwalira. Anandiuza kuti ali mwana ankafuna kudzakhala namwino. Ndinayamba kupepesa, iye n'kundidula.

"Sewero lija linali lokoma, aphunzitsi. Anthu amalikumbukabe. Ndi ine ndekha amene sindinaseke."

Akuluakulu amati lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Mwambi umenewu ndinkauphunzitsa m'kalasi, n'kumapereka mamalikisi kwa ana oumasulira bwino. Tanthauzo lake ndinalimva nditaima pamatope a Chilwa.

Ndinatsala pang'ono kusiya kulemba. Chimene chinandibweza ndi gulu la masewero la ku Chancellor College, limene chapakati pa zaka za m'ma 1980 linkabwera m'midzi ya kufupi ndi Liwonde, monga ku Mwima, ndi masewero a zaumoyo. Nthawi imeneyo Balaka inali isanakhale boma palokha, tonse tinali Machinga. Ndinapalasa njinga kukaonera. Chinandidabwitsa n'chakuti sewero ankaliimitsa pakati n'kufunsa anthu kuti, nanga apa achite chiyani? Anthu ankakuwa mayankho, ena kulowa m'bwalo. Ndipo chimene ankaseka sichinali munthu mmodzi. Ankaseka chitsime chauve chimene aliyense amamwapo, komiti imene imakumana kuti isankhe tsiku la kukumana, bambo amene amakana kukumba chimbudzi chifukwa agogo ake sankakumba. Aliyense m'bwalomo anali ndi kagawo kake ka manyazi, ndipo palibe anapita kunyumba atasenza katundu yense yekha.

Chiyambire pamenepo, ndisanamalize sewero ndimadzifunsa funso limodzi lokha: anthu akaseka, ndani akulipira? Phwete lililonse lili ndi wolipira. Ngati akulipira ndi munthu wamphamvu amene wazolowera kuti ena amulipirire, ndimapitiriza. Ngati tikusonkherana tonse, n'kwabwino koposa. Ngati wolipira ndi ine mwini, palibe vuto, ndili ndi zambiri zolipirira: dazi langa, njinga yanga yopanda mabuleki, Chingerezi changa cha 1974. Koma ngati bilu yonse ikupita kwa munthu amene moyo wamulipiritsa kale, ndimang'amba tsambalo, ngakhale likhale lokoma chotani. Ndipo ndikuuzeni zoona, masamba otero amakhala okoma. N'chifukwa chake amavuta kung'amba.

Itadutsa riferendamu ya 1993 pakamwa panamasuka. Tinakhala ndi mtsogoleri wochokera konkuno ku Machinga, Bakili Muluzi, amene misonkhano yake anthu ankapitira nthabwala zomwe. Koma zaka zomwezo edzi inali kutimaliza, ndipo nkhani yake sinkakambika pamaso pa ana ndi apongozi. Masewero ngati Tikuferanji, momwe Michael Usi ankasewera ngati Manganya, anatsegula chitseko chimene ulaliki unkalephera kutsegula. Banja linkayamba ndi kuseka, n'kumaliza likukambirana zoyezetsa magazi. Manganya yemweyo mu 2024 anadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, zimene zinandipatsa mpata wouza anzanga a pabawo kuti azindilemekeza, sizidziwika. Ine kuno ndinkalemba za bwana wogula nsomba wa chikwama chonenepa, amene padoko lililonse ali ndi "mlongo wake". Odwala sindinawasekepo. Phunziro lija linali litalowa.

Anthu amandifunsa kuti, kodi inu mumakwiya? Amaganiza kuti munthu woseketsa amadzuka akuseka. Ayi ndithu. Ambiri a ife ndife anthu odandaula, n'chifukwa chake timaona zokhota. Munthu wachimwemwe weniweni m'nyumba mwanga anali mayi, amene sanalembepo mzere ndi umodzi womwe. Tinakwatirana mu 1975. Iwo ndi amene anali bungwe langa lounika masewero, ndipo linali louma mtima kuposa la boma. Ndikawawerengera tsamba, akangoti "hmm" n'kupitiriza kupeta mpunga, ndinkadziwa kuti ndikayambirenso.

Anayamba kudwala mu 2018, chaka chimene nyanja inaphwa kachitatu m'moyo wanga. Miyezi ya kuchipatala ija ine ndi amene ndinali wankhope yakugwa. Iwo ankacheza ndi wodi yonse. Tsiku lina usiku, ndikuwakonzera pilo, anandikoka malaya.

"Abambo, mukadzakwatira wina, chonde musadzamuuze nthabwala ija ya mbuzi ya bere. Ine ndaipirira zaka 36. Wina sangathe."

Ndinaseka, kenako ndinatuluka panja kukalira, kenako ndinabwerera n'kuwapeza akuuza mayi wa bedi loyandikana nalo kuti amuna awo apita kukayeseza sewero lachisoni. Anatisiya chaka chotsatira. Pamaliro, adzukulu a kumanda sanandisiye. Mmodzi anafuula kuti, "Mkamwini uyu wakhala pamudzi pano zaka 44, mbuzi sanagulepo. Mawa tikumusudzula, azipita kwawo ndi njinga yake yopanda mabuleki!" Anthu anaseka, alamu anga anaseka, ndipo mkati mwa phwetelo ndinamva chimene ankandiuza: kuti palibe akundithamangitsa, ndine wa pamudzi pano.

Komabe miyezi isanu sindinaseke. Sutikesi sindinaitsegule. Kuseka kunabwerera tsiku lina ana onse atachoka, ine n'kuganiza zodziphikira nsima koyamba chikwatirire. Chimene chinatuluka mumphikamo sindingachitchule dzina. Ndinaponyera galu ntongo umodzi. Galuyo ananunkhiza, anandiyang'ana, n'kupita kukagona pansi pa mtengo wa mango. Ndinamva mawu a mayi m'mutu mwanga, "hmm" yemwe uja, ndipo ndinaseka ndekha m'khitchini mpaka kutsokomola. Chisoni sichinachoke tsiku limenelo, ndipo mpaka pano chilipo. Chinangosendera pang'ono pamphasa kuti china chikhale nawo.

Ngati pali chimene ndikudziwa pa za kukhala mosangalala, n'chochepa ndipo n'chotchipa. Ndimadzuka m'mawa n'kupereka moni kwa aliyense wodutsa, ndi kudikira yankho lake lonse. Ndimasewera bawo pansi pa mtengo ndi anzanga, Asilamu ndi Akhristu, ndipo timanamizirana kuba njombwa ngati ana. Ndikalakwitsa chinthu ndimayesetsa kukhala woyamba kuchinena, chifukwa munthu amene wadziseka kale savuta kukhala naye, ndipo adani amasowa poyambira. Nyanja ndaiona ikupita katatu, ndipo katatu konse yabwerera, matemba n'kubwerera nayo. Sindinena kuti zonse zimabwerera. Mayi sabwerera, ndipo mtsikana uja sanakhale namwino. Koma masiku ouma nawo ndi masiku a moyo wako, ndipo ukati udzaseka madzi akadzabwera, ukhoza kudikira zaka zitatu pakamwa pali potseka.

Nditamaliza zonsezi dzuwa linali litalowa, udzudzu wayamba ntchito. Mdzukulu wanga anakhala chete, kenako anati:

"Koma agogo, zimenezi n'zimene anthu amakonda. Ukajambula zaulemu palibe amaonera. Anzanga onse amapanga zomwezi."

Sindinamutsutse, chifukwa sananame. Bwalo langa la 1983 nalo linakonda. Kusiyana kwake n'kwakuti langa linali la anthu mazana awiri amene anabalalika dzuwa litalowa, pomwe lake silibalalika. Ndinangomufunsa kuti, "Iwe, mayi aja atakhala pampando uwu, achemwali awo ali apo, ungawaonetse foniyo?"

Anayang'ana pansi. Kanemayo anamuchotsa usiku womwewo, koma anali atafika kale m'magulu a WhatsApp, ndipo madzi akatayika saoleka. Loweruka tinapita limodzi kwa achemwali a mayiwo, amene amawasamalira, titanyamula shuga ndi sopo. Ndinamuuza kuti alankhule yekha, ndipo asanene mawu oti "zinali zocheza". Mayi a pakhomopo anamumvetsera mpaka kumapeto. Anati ana a pamsika ayamba kulira ngati mbuzi akawaona m'bale wawoyo. Anati mwana amene anamira uja anali wa msinkhu wa mdzukulu wangayu. Shuga analandira, koma sanatiperekeze. Pobwerera mnyamatayo sanalankhule njira yonse, ndipo ine sindinamuthandize.

Patapita milungu iwiri anabweranso pakhonde, foni ili m'thumba.

"Agogo, ndilibe choti ndijambule."

"Uli ndi nkhalamba ya zaka 73 imene imalephera kutapa ndalama pafoni. Ukufunanso chiyani?"

Tinakhala pansi n'kulemba, iye ndi ine, pakope. Nkhalamba ifika kwa ejenti. Ejenti aiuza kuti ilembe nambala yachinsinsi. Nkhalamba ikana, chifukwa chinsinsi sauza munthu. Ataichonderera, ivomera, koma yaiwala. Ikumbuka kuti inalemba penapake posabisika kwa iyo koma pobisika kwa akuba. Ifufuza m'matumba, m'sokosi, m'Baibulo. Pomaliza ivula chipewa kuti ikande dazi, ndipo mzere wonse wa anthu kumbuyo kwake uwerengera limodzi mokweza nambala yolembedwa ndi choko pachipewapo. Mdzukulu wanga ankafuna kuwonjezera mawu pambuyo pake. Ndinamuletsa. Ndinati chipewa chikavulidwa, dula.

Oonera anali ochepa poyerekeza ndi kanema wa mbuzi uja, ndipo mnyamatayo sanabise kukhumudwa kwake. Koma ejenti weniweni wa pamsika anatiuza kuti makasitomala atatu achikulire anabwera kudzasintha nambala zawo, mmodzi atailemba kuseri kwa foni. Ndipo tsopano ndikamadutsa pamsika ana amakuwa kuti, "Nambala, agogo!" Ine ndimaima, ndimavula chipewa mwaulemu wonse, n'kuwaonetsa dazi. Sindimwetulira ngakhale pang'ono.

Sutikesi ija ndamupatsa. Ndinaganiza zochotsamo kope la 1983, mpaka ndinalitulutsa n'kuliika pambali pa mbaula. Kenako ndinalibwezera, pamwamba penipeni, kuti akatsegula ayambe kuwerenga limenelo.